Mitengo ya ku Joni siiterera yokha

M'nyumba ya mafulati imene ndimakhala kuno ku Berea, chapafupi ndi chinyumba chachitali cha Ponte, muli bambo wina wa ku Mangochi amene masiku ano amatsika masitepe atanyamulidwa ndi anthu awiri, popeza lifiti yathu inafa kalekale. Bamboyu anagwira ntchito ya m'galadeni kwa zaka 6 panyumba ina kumpoto kwa mzinda uno. Loweruka lina bwana wake anamuonetsa nthambi yaikulu ya mtengo wa oki imene inawerama pamwamba pa mpanda. Kampani yodula mitengo inali itabwera kudzaona, koma bwanayo anati ndalama imene anatchula yachuluka. Analonjeza wantchito wakeyo R300 yapadera, n'kumupatsa makwerero ndi chainsaw yobwereka kwa mnansi. Chingwe panalibe. Nthambi itatsala pang'ono kuduka inang'ambika, tsinde lake n'kufwanthuka ngati msampha wa mbewa, kukankha makwerero aja. Munthu anagwera pa simenti, msana n'kuthyoka.

Titapita kukamuzonda, mkulu wina pakati pathu, pofuna kutonthoza mitima, anati tsiku lakufa nyani mitengo imaterera. Tonse tinavomera ndi mutu, ine ndemwe. Koma pobwerera mawuwo anandikhala pakhosi, ndipo mpaka lero akukana kutsika. Nyani sakwera mumtengo atanyamula makina olemera makilogalamu 5 kapena 6, amene tcheni chake chimathamanga mamita 20 pa sekondi imodzi. Ndiponso nyani satumidwa ndi munthu. M'Chichewa chathu, chomera chimene timakwera ndi ndalama imene timatchula pogulitsa chinthu zili ndi dzina limodzi: mtengo. Ndikukhulupirira kuti abale athu ambiri amene akugwa mumitengo ya mzinda uno akugwetsedwa ndi mtengo wachiwiriwo.

Mitengo ya ku Joni ili ndi mbiri imene imakhudza ife Amalawi kuposa mmene timaganizira. Golide asanapezeke mu 1886, dera lino linali la udzu wokhawokha, mitengo ili apo ndi apo. M'zaka za m'ma 1890 eni migodi anadzala nkhalango, monga ya Sachsenwald imene lero ndi dera la Saxonwold, kuti apeze mizati yochirikiza migodi kuti isagumuke. Pambuyo pake anadzala jakaranda, oki ndi London plane m'misewu ya madera amene munkakhala azungu, uku Soweto akuisiya pambalambanda. Lero akuluakulu a mzinda amanyadira kuti Johannesburg ali ndi mitengo pafupifupi 10 miliyoni. Agogo athu amene anabwera ndi Wenela ankakwawa pansi pa mizati ya bulugama m'mimba mwa nthaka, mpaka pamene ndege inagwa ku Francistown mu Epulo 1974, n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Ambiri anabwerera kwawo ndi fumbi m'mapapo, opanda pepala losonyeza kumene anagwira ntchito. Mgwirizano wa chipukuta misozi cha R5 biliyoni kwa odwala matenda a fumbi la m'migodi ya golide unavomerezedwa ndi khoti mu 2019, ochuluka a iwo ali kale m'manda, ndipo otsala akuvutika kupeza umboni. Zidzukulu zawo zili pamwamba pa mitengo tsopano, koma nkhani ya pepala sinasinthe.

Ntchito yodula mitengo yachuluka m'zaka zino, ndipo chifukwa chake chilipo. Mitengo yambiri ya m'madera akale yakalamba. Kuwonjezera apo, mu 2017 ku Pietermaritzburg kunapezeka kachilombo kochokera ku Asia, kakang'ono ngati njere ya chitowe, kotalika mamilimita 2 okha, kamene akatswiri amakatchula kuti polyphagous shot hole borer. Pofika 2018 kanali katafala mu Johannesburg. Kamaboola timauna m'thunthu n'kulowetsamo nkhungu imene imatseka mitsempha yoyendamo madzi, mtengo n'kuyamba kuuma kuchokera kunsonga. Oki, London plane ndi mitengo ya mapulo ndi ina mwa imene yakhudzidwa kwambiri. Mtengo wotere kunja umaoneka wolimba pamene mkati wafumbwa. Nthambi imene chaka chatha ikanasenza munthu, chaka chino imathyoka ngati phesi. Tikawonjezapo mphepo ndi ziphaliwali za dzinja la kuno, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, tiona chifukwa chake pafupifupi pa pholo lililonse la magetsi pali kachikwangwani ka "Tree Felling" ndi nambala ya foni. Amene akukhoma zikwangwanizo palibe amene amawafunsa kumene anaphunzira ntchitoyi. Munthu akakhala ndi bakkie ndi chainsaw, wasanduka kampani. Okwera mumtengo amakawatola m'mawa pamphambano za misewu, pamene anyamata athu amaima kudikira ganyu.

Ife amene tinakulira kumudzi timadzinamiza kuti mtengo timaudziwa. Tinathyola mango tili ana, tinagwetsa misuku ndi mibawa ndi nkhwangwa, ena tinawotchako makala. Koma kumudzi mtengo umagwera patchire, ndipo nkhwangwa imakupatsa nthawi yomva thunthu likulira, n'kuthawa. M'tauni mtengo waima pakati pa denga, mpanda wamagetsi, dziwe losambiramo ndi mawaya a City Power, choncho suugwetsa wonse, umauphwasula chidutswachidutswa uli pamwamba pake. Ngozi zake zimabwera m'njira zodziwika, zimene aliyense wophunzira ntchitoyi amauzidwa sabata yoyamba. Nthambi yolemera ukaidula kuchokera pamwamba pokha, osayamba waicheka pang'ono kunsi, imang'ambika n'kukoka khungwa, ndipo tsinde lake limamenya wodulayo kapena makwerero ake. N'zimene zinachitikira mnansi wanga. Nsonga ya chainsaw, mbali yake ya pamwamba, ikakhudza chinthu mosayembekezera, makina onse amadumpha kubwerera kumaso kapena paphewa mofulumira kuposa kuphethira. Amene wagwira ndi dzanja limodzi, lina atakolowekera nthambi, alibe chomuteteza. Mtengo wopendekeka ungathe kung'ambika pakati chotalika usanaduke, theka lake n'kutukuka kumenya munthu pachibwano. Nthambi yaiwisi ikakhudza waya wamagetsi, moto umayenda mpaka m'manja mwa amene waigwira. Ndipo amene ali pansi, akutola zinyalala wopanda chisoti, ali pangozi yofanana ndi ya wokwera: chipika chachifupi chikagwa kuchokera mamita 10 sichisiya mutu wa munthu uli bwino.

Pali kuvulala kwinanso kumene sikuoneka tsiku lomwelo. Phokoso la chainsaw limapitirira madesibelo 100, pamene malamulo a dziko lino amati kuyambira pa 85 wantchito atetezedwe makutu. Mnyamata amene lero akuseka zotsekera m'makutu adzadabwa ali ndi zaka 45 akufunsa ana ake kawirikawiri kuti "mwati chiyani?"

Ndinaonapo ntchitoyi ikugwiridwa moyenera, ndipo ndinaima nthawi yaitali kuonerera. Anthu anali anayi. Wokwera anavala malamba omanga m'chiuno ndi m'ntchafu, chingwe chake chachikulu chitakolekedwa pamphanda yolimba pamwamba, ndipo asanalize makina ankadzimanganso ndi chingwe chachiwiri, kuti chimodzi chikaduka chinacho chimugwire. Anavala chisoti, magalasi, zotsekera m'makutu ndi buluku lapadera lokhala ndi ulusi mkati umene umakola tcheni n'kuchiimitsa chisanafike pamnofu. Nthambi zazikulu ankazimanga kaye n'kuzitsitsa ndi chingwe pang'onopang'ono. Pansi panali malo otchingidwa amene munthu sankalowamo wokwera asanayankhe. Mmodzi mwa apansiwo analinso ndi zokwerera zake, ntchito yake kudikira kuti mnzake akavulala m'mwamba akamutsitse, chifukwa munthu wokomoka akalendewera pa malamba nthawi yaitali angathe kufa ngakhale bala lake lili laling'ono. Zonsezi zimalira ndalama. Ndalama imene bwana anati yachuluka ija, mkati mwake munali zingwe, buluku, maphunziro, munthu wodikira uja ndi zopereka ku thumba la boma la chipukuta misozi. Pamene anasankha R300, zinthu zimenezi anazichotsamo, koma ngozi imene zimatchinga sinachoke. Anangoisenzetsa munthu amene sakanatha kukana.

Ndikudziwa zimene ena mukunena mumtima powerenga izi. Lendi ya kachipinda ku Berea kapena ku Yeoville siidikira. Kumudzi akufuna ya feteleza. Ukakana kukwera, pamphambano pali anthu khumi amene akwera mosafunsa, ndipo ngati mapepala ako sali bwino, ukangotukula mutu bwana amakukumbutsa za Lindela. Zonsezi n'zoona, ndipo sindingauze munthu wanjala kuti akhute ndi malamulo. Koma tiwerengere bwino. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anafika pa R28.79 pa ola pa 1 Malichi 2025, ndipo ndi amodzimodzi kwa wa m'nyumba, wa m'galadeni ndi wa pafamu. Pa mlingo umenewo, R300 ija inali malipiro a maola pafupifupi 10 ndi theka basi. Mnansi wanga anagulitsa miyendo yake pa ndalama ya tsiku limodzi ndi maola ochepa, ndipo ana ake atatu ku Mangochi ataya malipiro a zaka 20 zimene akanagwirabe ntchito. Njala imene imatikweza mumtengo ndi yomweyo imene iyenera kutitsitsamo.

Malamulo a South Africa pankhaniyi ali kumbali yathu kuposa mmene ambiri timadziwira. Lamulo la Occupational Health and Safety Act la 1993, gawo 8, limalamula wolemba ntchito kuonetsetsa kuti malo ndi zida n'zotetezeka ndiponso kuti wantchito waphunzitsidwa. Gawo 23 limaletsa kudula malipiro a munthu chifukwa cha zovala kapena zida zodzitetezera. Amene amakudulani ndalama ya nsapato kapena chisoti akuphwanya lamulo. Ogwira ntchito m'migodi ali ndi ufulu wolembedwa mosabisa m'lamulo lawo la 1996 wochoka pamalo oopsa. Ife ena mawu otero sanatilembere, komabe wantchito amakakamizidwa kumvera malangizo okhawo amene ali ovomerezeka ndi oyenera, ndipo kutuma wa m'galadeni kukwera mamita 8 ndi chainsaw wopanda chingwe sikungatchedwe koyenera. Akakuchotsani ntchito chifukwa chokana, muli ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA. Za mapepala, Khoti la Zantchito linagamula mu 2008, pamlandu wa Discovery Health ndi CCMA, kuti mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito chatha akadali wantchito pamaso pa lamulo. Dziwaninso kuti mitengo ya mumsewu, kunja kwa mpanda, ndi ya mzinda, ndipo amaiyang'anira ndi a Johannesburg City Parks and Zoo. Kuidula popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo wopezeka atagwira makina ndi inu, bwana ali m'nyumba.

Lamulo limene ndikufuna tilidziwe ngati dzina lathu ndi la COIDA, la nambala 130 la 1993, limene linakhazikitsa thumba la Compensation Fund. Kwa zaka zambiri antchito a m'nyumba anali kunja kwa lamuloli. Mu Malichi 2012 mayi Maria Mahlangu, amene anagwira ntchito panyumba imodzi ku Pretoria kwa zaka 22, anamira m'dziwe losambiramo la abwana awo ali pantchito. Mwana wawo Sylvia, amene ankadalira malipiro a mayi akewo, anauzidwa kuti palibe chimene angalandire. Mothandizidwa ndi bungwe la antchito a m'nyumba la SADSAWU ndi maloya a SERI, anamenya nkhondo mpaka pa 19 Novembala 2020, pamene Constitutional Court inagamula kuti kusala antchito a m'nyumba n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko, ndipo chigamulocho chinabwerera m'mbuyo mpaka pa 27 Epulo 1994. M'malamulo a zantchito kuno, wa m'galadeni wa panyumba amawerengedwa ngati wantchito wa m'nyumba. Wa pafamu analimo kale. Wa ganyu amene watengedwa ndi bakkie ya kampani yodula mitengo, ngakhale kwa tsiku limodzi, alimonso. Lamuloli silinena kuti wovulala akhale nzika ya dziko lino.

Thumbali limalipira chipatala. Limapereka magawo 75 pa 100 alionse a malipiro pamene munthu sakutha kugwira ntchito, ndipo miyezi itatu yoyamba amapereka ndi bwana, n'kudzabwezeredwa. Kulumala kosatha kumayezedwa: kopitirira 30 peresenti munthu amalandira penshoni mwezi ndi mwezi, kochepera apo amalandira kamodzi. Munthu akamwalira, mkazi ndi ana amalandira, ndipo pali ndalama ya maliro. Wantchito sasonkha kalikonse. Bwana ayenera kunena za ngozi pasanathe masiku 7 pa fomu ya W.Cl.2; dokotala woyamba amalemba W.Cl.4, wovulala ali ndi fomu yake, W.Cl.3, imene angapereke yekha ku ofesi ya Labour bwana akakana. Ngakhale bwanayo asanalembetse ku thumbali, mlandu umenewo ndi wake ndi boma, ufulu wa wovulala sufa nawo. Malire amene lamulo la 1993 linaika poyamba anali miyezi 12 kuchokera tsiku la ngozi, ndipo kuzengereza n'kudzipha.

Sindikukometsera. Thumbali limachedwa, mafayilo amasowa, ndipo mlendo wopanda akaunti ya kubanki amazunguliridwa mpaka kutopa. Palinso msampha umene tiyenera kuuona: mukagwirizana ndi mwininyumba amene si bwana wanu wa masiku onse kuti mudula mtengo pa ndalama yakutiyakuti, ndi zida zanu, iye adzanena kuti munali kontrakitala wodziimira panokha, ndipo mlandu wanu udzavuta. Koma chimene chimapha milandu yambiri ndi bodza la tsiku loyamba. Mnansi wanga anamunyamula m'manja n'kumuika kumbuyo kwa galimoto, chinthu chimene munthu wovulala msana sayenera kuchitidwa. Akanaimba 112 kapena 10177 n'kumusiya chigonere mpaka ambulansi itafika. Ali m'njira bwana anamuuza mofatsa kuti akanene kuti wagwa pa masitepe kwawo, kuopa kuti za mapepala zingavute, ndipo iye adzasamala zonse. Anasamala miyezi iwiri. Fayilo ya kuchipatala mpaka lero imati munthuyu anagwa kunyumba. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chamwadzidzidzi, ndipo silifunsa pasipoti. Panalibe chifukwa chonamira, kupatula mantha amene bwanayo anawadziwa bwino.

Amayi ndi alongo amene mumagwira ntchito m'nyumba, nkhaniyi ndi yanunso. Nthawi zambiri inu ndi amene mumakhala pawindo la kukhitchini pamene mwamuna ali mumtengo, ndipo ndinu mboni yokhayo. Chimene chatsegula njira pa mlandu wa mnansi wanga ndi mayi wina wa ku Zimbabwe wogwira ntchito m'nyumba momwemo, amene anajambula makwerero ndi nthambi ija pa foni yake, tsiku ndi nthawi zikuoneka, n'kusunganso uthenga wa pa WhatsApp umene bwana anatumiza wonena za R300. Anaika ntchito yake pachiswe potipatsa zimenezi. Ndipo adona akamadandaula za mtengo wouma, mungathe kuwauza mwaulemu kuti afunse kampani kalata yosonyeza kuti inalembetsa ku Compensation Fund ndipo ilibe ngongole. Kwa a m'mafamu a mapeyala, makademiya ndi malalanje ku Limpopo ndi Mpumalanga, kumene kutengulira mitengo ndi kugwetsa bulugama wotchinga mphepo ndi ntchito ya chaka ndi chaka, chipatala chili kutali kwambiri. Tcheni chikadula mtsempha waukulu wa m'ntchafu munthu amatha magazi m'mphindi zochepa. Wina pagulu adziwe kupanikiza bala ndi kumanga lamba mwamphamvu chakumtunda kwake, ndipo munthu asapite yekha kukadula.

Mawu owawa ndawasungira ife eni. Ena mwa eni mabakkie aja ndi Amalawi anzathu. Amatenga mnyamata wongofika kumene, wa mudzi umodzi, amene sangathe kukana "amalume" amene anamulipirira basi, n'kumukweza mumtengo tsiku lachitatu. Akagwa, amalume omwewo ndi amene amayambitsa mndandanda wa zopereka pa gulu la WhatsApp, ndipo timawayamika chifukwa cha mtima wabwino. Pa zotumiza maliro kumudzi Amalawi tilibe otiposa; m'masiku ochepa timasonkha masauzande ambiri, galimoto n'kunyamuka kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza. Mwambo umenewu ndi wolemekezeka ndipo usathe. Koma sindinamvepo gulu lathu la maliro litagula chingwe ndi malamba okwerera kuti mamembala azibwerekana, kapena litalipirira anyamata awiri maphunziro a chainsaw, amene amatenga masiku owerengeka. Sindinaonepo mlembi wa gulu ali ndi buku lolembamo dzina lenileni la bwana wa membala aliyense, adiresi ya kuntchito ndi nambala ya galimoto imene imamutenga. Zonsezi pamodzi sizingafike pa ndalama ya ulendo umodzi wa bokosi. Mabungwe otithandiza kudzaza mafomu alipo: Izwi Domestic Workers Alliance, Casual Workers Advice Office ku Germiston, Lawyers for Human Rights ndi SERI ku Braamfontein, mtunda woyenda pansi kuchokera ku Berea kuno.

Fomu ya W.Cl.3 ya mnansi wanga tinakapereka mwezi wachisanu chichitikire ngozi, pamodzi ndi zithunzi zija ndi kalata yofotokoza chifukwa chake fayilo ya kuchipatala ikunena zina. Anatipatsa nambala, akuti tidikire. Mkazi wake amaimba foni Lamlungu lililonse kufunsa ngati amutumize kumudzi, ndipo ife timamupempha kuti apirire kaye, chifukwa akawoloka Limpopo dokotala asanalembe lipoti lomaliza, sitikudziwa amene adzatsatire fayiloyo. Gulu lathu likumana Lamlungu loyamba la mwezi wamawa, ndipo nkhani ya chingwe ndi buku la mabwana ndaipempha kuti ikhale yoyamba, tisanafike pa zopereka.